Mzati waufupi wa boma lathu

Ndiyambe ndi kutchula onse amene analipo Loweruka lija m'kalasi ya pulaimale, kuti mawa pasapezeke wonena kuti mkuluyu akupeka. Panali mphunzitsi wochokera ku Dedza, amene komiti ya magule inamuika kukhala mlembi chifukwa choti ali ndi laputopu. Panali mayi wapampando, nesi wopuma ntchito amene wakhalitsa ku Zomba mpaka kuiwala mayendedwe a kwawo. Panali bambo wa sitolo ya pa Chintheche, wa ku Mangochi, mwini minibasi. Panali mlamu wanga, kaputeni wa boma la kutsidya kwa mtsinje, ndi makaputeni ena awiri amene sanatsegule pakamwa tsiku lonse. Panali mwana wanga woyamba, kalaliki ku Nkhata Bay, amene anabwera kudzandiona n'kundiperekeza. Ndiye panali ine.

Kuno gulu lovina malipenga timalitcha boma. Boma lathu ndaliyendetsa ine kuyambira tsitsi lili lakuda. Sukulu ndinalekeza sitandade 3, ndipo izi ndikulemba pang'onopang'ono m'kope, koma pa malipenga palibe angandiphunzitse kuyambira ku Bandawe mpaka ku Limphasa.

Nkhani inali yakuti ku Mzuzu kunali chionetsero cha magule, ndipo dera lathu linayenera kutumiza boma limodzi lokha. Wa sitolo anapereka minibasi yake kuti inyamule ovina. Ine maondo ayamba kundikana. Ndinkadziwa kuti ndikapanda kupita ulendo uwu, sindidzavinanso pamaso pa anthu a m'tauni. Kabudula woyera ndinali nditamuchapitsa kale, masokosi aatali ndinagula atsopano, ndodo yanga ya kutsogolo ndinaipaka mafuta.

Panalibe chokaikitsa. Chaka ndi chaka maboma anayi timapikisana, oweruza n'kulemba m'buku lawo kuti uyu nambala wani, uyu thuu, mpaka folo. Pa zaka zisanu zapitazi ife tinakhala wani kanayi, thuu kamodzi. Boma la mlamu wanga, lija lovina ngati abakha oterereka, linkatseka mzere chaka chilichonse, kupatula kamodzi pamene ena anali pa maliro.

Mphunzitsi anapachika nsalu yoyera pa bolodi, n'kulumikiza makina oonetsa zithunzi. Poyamba panaoneka timabokosi todzaza manambala. Kenako anadina, pansalu n'kutuluka mizati inayi yoimirira ngati mapolo a magetsi.

"Ndatenga manambala onse a m'buku la oweruza," anatero, "kompyuta yawaphatikiza. Boma lililonse lili ndi mzati wake. Palibe kukondera."

Ndinafunsa kuti wathu ndi uti. Analoza kachinthu kakafupi kumapeto, ngati chitsa. Wa mlamu wanga unali wofiira, wautali mpaka kufuna kuboola nsalu.

Wa sitolo anayang'ana wotchi yake. "Basi, apa nkhani yatha. Ataliataliwa apite."

Mayi wapampando anagwedeza mutu. Iye, wa sitolo ndi mphunzitsi, atatu onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimapo padzuwa kuonera mpikisano wathu. Koma mlamu wanga ankadziwa. Munthu amene wakhala akudya fumbi lathu zaka zonsezi! Ndinamuyang'ana kuti alankhule. Iye anaimirira, n'kukonza kolala, n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, a komiti. Sitikuchititsani manyazi."

Apa ndiye ndinaphulika. Mawu anga anthu amawamva ali m'bwato panyanja, ndipo tsiku limenelo sindinawabweze.

"Iwe mlamu, khala pansi! Wapambana liti iwe? Kutulo?"

"Alamu, si ine," iye anatero akumwetulira. "Ndi kompyuta. Kakanganeni nayo."

Ndinatembenukira mphunzitsi. Ndinamufunsa ngati kwawo ku Dedza amavina kapena amangokumba mbatata. Ndinamuuza kuti mwana wa sitandade wani amadziwa kuti wakhala nambala wani ndiye wapambana, iye ndi mataye ake sakudziwa. Anayamba kuphethira ngati nkhuku yonyowa, akuti iye ankayesa kuti manambalawo ndi malikisi. Sindinamupatse mpata.

"A kaputeni, tsitsani mawu," anatero mayi wapampando. "Muno ndi m'sukulu."

"Sukulu yake iti, yophunzitsa kuti mchira ndiye mutu?"

Wa sitolo anati tifulumire, wasiya sitolo ndi mkazi yekha. Ameneyunso ndinamupatsa zake. Ndinamuuza kuti iye amadziwa kuyeza shuga ndi mchere, za gule asalowerere. Ndinawonjeza kuti minibasi yakeyo ndi chiphaphata chokankha, chimene chimakwera chitunda cha ku Mzuzu ndi mapemphero a okwera. Nkhope yake inauma.

Ndili pakati pa zimenezi, ndinaona mwana wanga akunyamuka pa benchi. Sanabwere kudzaima pambali panga. Anadutsa kumbuyo kwanga, n'kukakoka mpando pafupi ndi mphunzitsi. Anayamba kunong'onezana m'Chingerezi, mitu itagundana pa laputopu, ndipo ndinaona ndi maso anga mwana wanga akumusisita mphunzitsi paphewa.

Inu muli ndi ana mundiuze. Bambo ako akumenyana ndi anthu anayi, iwe n'kupita kukakhala ndi mdani, n'kumalankhula chilankhulo chimene bambo ako sakumva. Ndikanaganiza chiyani?

Ndinamenya desiki ndi ndodo mpaka choko chinadumpha.

"Iwe! Choka pamenepo!"

"Ada, dikirani pang'ono."

"Ndidikire chiyani? Ndinakuphunzitsa ndi usipa wa manja angawa kuti udzandigulitse kwa alendo? Kalaliki wa chiyani iwe, galu wa m'maofesi! Kuyambira lero ukafune bambo ako ku Dedza!"

Ndinanena zimenezi pamaso pa anthu onse, ndipo pa mawindo panali patadzaza kale amayi ochokera ku msika. Iye sanadzutse mutu. Zala zinapitiriza kudina.

Kenako mizati ija inazimiririka. M'malo mwake panabwera mizere inayi yoyenda chopingasa, chaka ndi chaka. Kumbali kunali manambala, koma tsopano wani anali pamwamba, folo pansi. Mzere wathu unali kumwamba kwenikweni, wowongoka, kungotsika pang'ono pa chaka chimodzi chija n'kubwereranso. Wa mlamu wanga unkakwawa pansi ngati nyongolotsi.

Mwana wanga analankhula m'Chichewa kuti onse amve. "Awa si malikisi, ndi malo. Pa malo, nambala yaing'ono ndiye yabwino. Ndatembenuza kuti wani akhale pamwamba."

Mphunzitsi anaimirira n'kupepesa kwa komiti, n'kupepesanso kwa ine. Mlamu wanga anayamba kufufuza chinachake m'thumba la jekete. Ine ndinakweza ndodo n'kufunsa kuti, "Nanga m'manja simuomba?"

Palibe anaomba.

Wa sitolo anatola makiyi ake. "Boma lawo lapambana, lipite," anatero. "Koma mkuluyu m'chiphaphata changa sakwera. Angakafe pa chitunda." Mayi wapampando anati komiti nayonso singatumize ku Mzuzu munthu wotukwana pa msonkhano, wachiwiri wanga atsogolere. Anandiuza kuti ndikapepesa aganizanso. Ndipepese chiyani, wolakwa ndine? Ndinatuluka.

Anyamata anga anapita. Akuti anavina bwino. Wachiwiri wanga anabwera kudzabwereka ndodo yanga, ndinamuuza akadule yake kuthengo. Mphunzitsi uja mpaka lero amandivulira chipewa tikakumana, ine ndimayang'ana kunyanja. M'sitolo muja sindilowa, shuga ndimatuma. Mlamu wanga pakhomo panga saponda, mkazi wanga, mlongo wakeyo, alire asalire. Ndipo ndikunenabe kuti makina amene amapatsa womaliza mzati wautali ndi makina opusa, ndipo owakhulupirira ndi opusa kuposa.

Tsiku la msonkhano lomwelo pobwerera, mwana wanga anandipeza pa msewu wa tala. Tinayenda mtunda wautali, iye kumbuyo, ine kutsogolo. Titafika pokhotera kwathu ndinamva kuti waima. Ndinatembenuka ndikuyembekezera kuti apepesa. Anandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, n'kunena motsitsa:

"Ada, munanena zoona, wani ndi wani. Koma makina sadziwa zimenezo mpaka munthu awauze, ndipo ine ndinkawauza. Ulendo wa ku Mzuzu unali m'manja mwanga, ndikukubweretserani, inu n'kunditcha galu. Kwerani nokha kumudzi. Chikwama changa ama anditumizire, ndipo pa Khirisimasi musandidikire."