Manda Amene Sanali pa Mapu

Lero, ndikusanja mabuku kusukulu komwe ndimaphunzitsa, ndapeza mapu akale onunkha nkhungu. Fungo lake ndi lomwe lija la mapu omwe ndinaona ndili mwana.

Ndili Sitandade 5, kwathu ku Lirangwe kunabwera munthu woyeza malo, akuti msewu udzadutsa kuseri kwa dimba lathu, komwe kuli manda a agogo anga. Anayala pamphasa mapu a nthawi ya atsamunda. Bambo anga sankadziwa kuwerenga, ndiye anandiitana.

"Tandionetsa pomwe pali manda a agogo ako."

Ndinapeza mtsinje, njanji ndi timadontho ta nyumba, koma pamandapo panali poyera.

"Sanalembepo, ababa."

"Katenge pensulo yako."

Bambo anagwira dzanja langa, tinajambula kamtanda pomwe ndinaloza, mpaka pensulo inaboola pepala.