Machona a ku Mars

Lachiwiri ndinakwera minibasi pa Chintheche kupita ku Kande. Tisanafike pa Bandawe, wailesi ya adalaivala inalengeza kuti mayiko olemera ali kalikiliki kukonzekera kutumiza anthu ku Mars, dziko lofiira la kumwambaku. Ulendo wake ndi wa miyezi yambiri, mpweya wopuma kulibe, ndipo zoti ukabwerako palibe angalumbire.

Ndinaseka, poganiza kuti tiseka tonse.

Koma bambo amene ndinakhala naye mpando umodzi, tayi ili m'khosi, envulopu ya masatifiketi ili pamiyendo, anati: "Atati akulemba mayina, ine mawa lomwe ndanyamuka."

"Ada, mukunena zoona?" ndinafunsa.

"Kuno ndikusiyako chiyani? Sukulu ndinamaliza kalekale. Loji ndikupitayi ndi yachinayi kukapemphako ntchito."



Mayi wina wachikulire, beseni la usipa lili kumapazi, anamugwira paphewa. "Amuna anga ananenanso choncho popita ku Joni. Ati zaka ziwiri zokha. Anandisiya ndi pakati. Mwanayo lero ali ndi ana ake, koma bambo ake amawadziwira pachithunzi. Komatu ku Joni kumapita basi. Nanga uko, maliro anu tidzakawatenga bwanji?"

"Ama," anayankha osatembenuka, "akazi anga ndi amene amandiuza kuti ndichoke ndikasake."

Bamboyo anatsika pamphambano ya kulojiko.

Abale anga, mayikowa ali ndi zifukwa zawo. Ati akufuna kudziwa ngati kudakhalapo chamoyo kumeneko. Ati kungakhale miyala ya mtengo wapatali. Chifukwa china sachinena mokweza: aliyense akufuna mbendera yake ikazikidwe koyamba, anzake achite manyazi. Koma chimene chandiimitsa mutu ndi chakuti akufuna kothawira dziko lino likadzawonongeka.

Kothawira! Ndiye kuti amene utsi wa mafakitale awo wasokoneza mvula yathu ayamba kale kumanga katundu? Nyumba ikamadontha, mwini wake amafolera. Wosaka kosamukira ndi mlendo.

Nanga m'chombo chopita ku Mars, mpando wa mayi wa usipa uja ulipo? Wanu ulipo?

Kuno kunyanja mtchona timamudziwa. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi wake. Timadziwanso kuti wochona sachokera kukonda ulendo, amachoka chifukwa pakhomo pamukana. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, koma wanjala sayamba wang'amba kuti aone.

N'chifukwa chake za zombo sizinandisowetse mtendere kwenikweni. Chandisowetsa mtendere ndi ife. Tili ndi nyanja ya madzi okoma, chinangwa chimabereka ngakhale pamchenga, mpweya ndi waulere. Koma munthu wophunzira, wapabanja, wayeza zonsezi n'kuona kuti chipululu chopanda mpweya chilipo bwino.

Inu amene mumabwera kudzatipempha mavoti, kodi mukudziwa kuti m'mudzi mwanu ndi angati angakwere chombocho osacheuka?