Bodza limene ndinavomera pakhonde la apongozi

Mwana wathu wachiwiri, wamkazi, anabadwa nyengo yokolola nandolo, ndipo masiku atatu oyamba sanachite chimbudzi. Ine sindinadziwe. Mwamuna salowa m'chikuta, amangomva mwana akulira kuseri kwa chitseko. Komanso ndinali mkamwini pamudzi wa eni ake kufupi ndi ku Chiringa, ndipo mkamwini amauzidwa zinthu zitatha kale.

Apongozi anga aakazi ankasema kachidutswa ka sopo n'kumulowetsa mwanayo kumbuyo. Chimbudzi chinkatuluka chochepa, iwo n'kumati wamasuka. Koma pofika sabata yachitatu mimba inali itatupa ngati chipanda, yonyezimira, mitsempha ili poyera, pomwe timiyendo tinkangoonda. Akayamwa ankasanza, ndipo masanzi ena anali obiriwira.

Ndinati tipite naye kuchipatala. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana kumaso, choncho anandiyankha akuyang'ana khoma.

"Ili ndi tsempho. Jakisoni angomumaliza."

Tsempho tonse tinakula tikulimva. Amati bambo akayenda ndi mkazi wina mwana adakali wakhanda, n'kubwera kudzamunyamula, mwanayo amatupa. Umboni anali nawo: ine ndimapikula matemba ku Chilwa pa njinga, ndipo sabata imeneyo nsomba zinavuta, ndinagona kudooko masiku awiri. Aa, ndinapsa mtima! Ine ndinagona pa saka, udzudzu ukundidya mpaka m'makutu, lero akuti ndinali kokasangalala?

Amalume ake a mkazi wanga, omwe ndi eni mbumba, anatikhazika pakhonde. Analankhula mosakweza mawu.

"Akamwini, mwanayu ndi wathu. Mankhwala tapeza, koma sagwira ngati mwini mlandu sanaulule. Ululani, timusambitse, kenako mupite naye kumene mukufunako."

Ndinakana masiku awiri. Ndinalumbira, ndinatchula Mulungu, ndinamenya chishalo cha njinga mpaka dzanja linatupa. Mkazi wanga ankangopukuta masanzi. Mmawa wa tsiku lachitatu ndinaona kuti mwana wasiya kulira, akungobuula pang'onopang'ono. Ndinachita mantha amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinapita pakhonde paja, n'kukhala pansi.

"Ndinalakwa," ndinatero.

Amalume anafuna kudziwa kuti ndi ndani. Ndinati mayi wina wogulitsa zitumbuwa kudooko, dzina sindinafunse. Anandiyang'anabe ngati sakukhutira, ndiye ndinawonjezera kuti anavala chitenje chobiriwira. Apo anagwedeza mutu. Mkazi wanga anandiyang'ana kamodzi, n'kubwerera m'nyumba.

Anamusambitsa mwana madzi a mizu, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo ndinali nditakweza mayi ndi mwana pakaliyala. Kuchipatala chathu chaching'ono adokotala anagogoda kamimba kaja ndi chala, n'kufunsa tsiku limene chimbudzi choyamba, chakuda chija, chinatuluka. Mkazi wanga atafotokoza za sopo, sanatikalipire. Analemba kalata msangamsanga, n'kutiuza kuti mwana asayamwenso kufikira atamuona akuluakulu. Ambulansi inatipititsa kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko anatitumizanso ku Blantyre.

Ku Blantyre anamuika kapaipi m'mphuno ndi diripi pamkono. Atamujambula ndi kumuyeza, dokotala wina anatenga pepala n'kulemba chithunzi cha matumbo. Anati matumbo amafinya okha kuti chakudya chitsike, koma kwa mwana wathu chigawo chakumapeto chinalibe timitsempha tochititsa kufinyako. Zonse zinkafika pamenepo n'kuima. Anati ndi matenda osowa, ana ochepa amabadwa nawo, ndipo palibe amene analakwitsa.

"Ndiye zinayamba ndisanapite ku Chilwa?" ndinafunsa mokweza kuti mkazi wanga amve.

Dokotala sanamvetse kuti Chilwa yabwera bwanji. Nesi amene anaima pambali, mayi wachikulire, ndiye anamvetsa.

"Bambo, zinayamba asanabadwe n'komwe."

Anamuchita opaleshoni, n'kumuboola pamimba kuti chimbudzi chizitulukira pamenepo. Tinabwerera kumudzi ndi mwana wotero. Timatumba ta kuchipatala tolandirira chimbudzicho tikatha tinkamanga nsanza zochapa bwino ndi kupaka mafuta kuti khungu lisasupuke. Anthu obwera kudzazonda ankafika mpaka pakhomo, n'kubwerera atagwira pakamwa. Atakwanitsa chaka anamuchitanso opaleshoni, anadula chigawo chosagwira ntchito chija n'kulumikiza. Tsiku limene anaipitsa thewera ngati mwana wina aliyense, ine bambo wamkulu ndinalinyamula n'kukaonetsa manesi, ndikuseka ngati wopenga.

Lero ali sitandade 4. Amadya kuposa mchimwene wake, ndipo nthawi zina m'mimba mumamuvutabe, koma amathamanga kusukulu ndi anzake. Pamudzi nkhani imene inatsala ndi yoti mkamwini anaulula, mwana n'kuchira. Apongozi anamwalira akukhulupirira zomwezo. Sindinawatsutse, ndinatopa.

Amene ndinkafuna kuti andikhulupirire ndi mmodzi yekha. Ndinamuuza tili ku Blantyre, titakhala pa benchi panja pa wodi, kuti zonse zija ndinapeka kuti atipatse mwana.

"Za matumbo ndamva," anatero mkazi wanga. "Koma chitenje chobiriwira chija munachidziwa bwanji?"

Ndinamuuza zoona, kuti pa nthawi imene amalume ankandipanikiza ndinali kuyang'ana nsanza ya masanzi imene iye anagwira m'manja, ndipo mtundu umene unandibwerera ndi womwewo. Anangoti, "Chabwino."

Papita zaka khumi tsopano. Sitikangana, ndipo nkhaniyi saitchula. Koma ndikamamanga dengu pa njinga kuti ndipite ku Chilwa, amatuluka n'kuima pakhomo, n'kundifunsa kuti ndigona kwa ndani.