Chimene anabwerera ku Halale

"Kodi amake mwana, amuna anu aja anabwereranji ku Halale achipatala asanathane nawo?" Anandifunsa choncho mayi oyandikana nafe nyumba, tikukumba kachewere kudimba kwathu ku Tsangano. Ndinayamba ndamanga bwino mwana kumbuyo.

Amuna angawo chinawatuluka chotupa pansi pa chibwano ine ndili ndi pakati, nthawi ija ya Chitaganya. Kuchipatala cha mishoni anati mpeni sungathandize, apite ku Halale kumene amawotcha ndi magetsi osaoneka. Anapita atavala jekete la amalume awo.

Kuno ine ndinachira mwana wamkazi. Akuluakulu anati khanda silikhala lozizira mpaka kalekale, bambo ake abwere adzalitenge kumphasa monga mwa mwambo. Uthenga unapita ndi munthu wina wobwerera kuntchito.

Amuna anga anafika khosi litada bii, lili ndi mizere ya inki imene anati ndisayerekeze kuitsuka. Chotupa chinali chitaphwa ndithu, mwakuti ndinalulutira. Iwo anaseka ndi mawu osasa, amvekere, "Anzanga amabwera ndi mabulangete ku Halale, ine ndakutengerani khosi lowamba!"

Mwambo utachitika, ananyamula mwana n'kundiuza zimene dokotala ananena kudzera mwa womasulira. Akuti pakati pa chotupa magazi safikapo, choncho palibe mpweya, ndipo popanda mpweya magetsi aja sagwira bwino. N'chifukwa chake amawotcha pang'onopang'ono: kunja kukafa, mpweya umayamba kulowa mkati.

"Ndiye kuti ndachoka chitangoyamba kupuma," anatero. "Anandiletsa, amake mwana. Koma uyu akanamutenga ndani?"

Kubwerera ku Halale kunakanika. Chilolezo cha ulendo chinali cha kamodzi, kupempha china kuboma kunali bwerani mawa, kenako mvula inadula msewu. Pofika masika chotupa chinali chitadzuka, cholimba ngati mwala. Mawu anapita pang'onopang'ono. Nyimbo za ngoma ankamuimbira mwanayo ndi milomo yokha, phazi likugunda pansi.

Mpaka lero ndikamauzira moto kuti uyake, ndimaganiza za mpweya uja. Ndimalakalaka nditamvanso ngakhale kuseka kosasa kuja, kuchokera pakhonde.

Mayi aja ndinangowauza kuti amuna anga anabwerera chifukwa cha mwanayu. Mwana anatengedwa kumphasa, ndipo akukula bwino. Ine ndinataya mwamuna, iye anataya bambo, ndipo mawu awo enieni, aja a asanadwale, sanawamvepo.