Faustina ndi Bokosi la Madandaulo

Faustina wa ku Santhe chinamupweteka ndi khama lake. Tinaphunzira limodzi ku pulayimale, ndipo ndikamuganiza mtima umandiwawa.

Ankagwira ntchito ku bungwe lina la alimi a fodya pa Boma la Kasungu. Iye ndiye ankasamala tsamba la bungwelo pa intaneti, pomwe ankasungapo mayina a oyenera kulandira makuponi a feteleza wotsika mtengo. Patsambapo anaikapo kapulogalamu kaulere kolandirira madandaulo a alimi. Abwana ake, a Mphepo, madandaulowo sankawayang'ana n'komwe. Faustina ankawerenga lililonse m'mawa uliwonse, ngakhale la munthu wongotukwana.

Sankadziwa kuti kapulogalamuko kanali kobooka. Kankameza chilichonse chimene munthu walemba, osasefa. Tambwali wina analemba dandaulo la mizere iwiri, mkati mwake n'kubisamo malangizo olamula kompyuta, ndipo linangokhala phee m'bokosimo ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga. Faustina akalitsegula, malangizowo ankadzuka n'kugwiritsa ntchito chilolezo chake kufufuta mayina enieni ndi kulowetsapo a anthu osadziwika.

Tsiku logawa makuponi, mabanja makumi anayi a ku Santhe anabwerera chimanjamanja. Pakati pawo panali azakhali ake, a Elube, amene anamulera mayi ake atamwalira. Kompyuta inaonetsa kuti wasintha mayinawo ndi Faustina. A Mphepo, amene ulesi unawaletsa kutsegula dandaulo ngakhale limodzi, anayera mbee. Faustina anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, ndipo pamsika anthu ankamulozerana ndi milomo.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi, katswiri wa makompyuta wochokera ku Lilongwe anapeza pobookapo, n'kulemba kalata yoti mtsikanayo analibe mlandu. A bungwe ntchito sanamubwezere, pampando pake panali patakhala kale mwana wa alongo awo a Mphepo. Komabe Faustina anakwera kabaza ali wosangalala, kalata ili m'manja, kuti akaonetse azakhali ake.

Anawapeza kumunda akukolola tichimanga tating'ono ngati zala.

"Azakhali, taonani. Alemba pano kuti sindine."

A Elube sanaweramuke n'komwe.

"Iwe ndiwe wophunzira, ine ayi," anatero. "Tandiuza, pepala lakolo ndithire phando liti? Pita ukawawerengere amene anadya feteleza wanga. Pakhomo panga usadzapondenso."