Galimoto ya Loweruka

Amene anandigulitsa galimotoyo ku Lilongwe analumbira kuti simwa mafuta. "Mayi, iyi imangonunkhiza," anatero akumenyamenya denga lake. Kanali kagalimoto kakang'ono, kotuwa, kodutsa kale m'manja mwa anthu awiri kapena atatu. Pa za mafuta sananame kwenikweni. Chimene sananene n'chakuti mimba yake inali pafupi kwambiri ndi nthaka, ndipo msewu wochokera ku Nsaru, kumene ndimaphunzitsa, kupita kumudzi kwathu cha ku Kabudula suona nkhope.

Ulendo woyamba womwewo sayilensa inatsala pamsewu, ndipo kanafika kumudzi kakulira ngati chigayo. Bambo anga, mlimi wa fodya ndi mtedza moyo wawo wonse, anakazungulira kawiri manja ali kumbuyo.

"Kodi aphunzitsi," anandifunsa, "kakakula kadzakhala lole?"

Ankanditcha aphunzitsi akafuna kundiseka, mayi nawonso anatengera pomwepo. Tsikulo bambo anakwera kutsogolo, chipewa atachiika pamaondo. Tinangopita pamsika n'kubwerera, iwo akubayibitsa aliyense, ngakhale anthu amene sankayankhulana nawo.

Makaniko wanga anali wa pa Njewa, wogwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango. Sayilensa ija anaiwotcherera kangapo, mpaka anatopa nayo n'kuimanga ndi waya. Kenako inafa pampu ya mafuta, kenako mabuleki. Iyeyo ndi amene anandiphunzitsa kuika firi: pamtsetse umachotsa giya, galimoto n'kumadziyendera yokha osamwa kwambiri. Ndinkaika firi ndi mtima wonse, ngakhale pamtsetse woti nkhuku singauzindikire. Anandiletsanso petulo wa m'mabotolo wogulitsidwa m'mbali mwa msewu. Anati ena amathiramo parafini, ndipo ndi amene anapha pampu ija.

Mafuta atayamba kusowa, ndinkatha tsiku lathunthu ndili pamzere, nthawi zina n'kubwerako wopanda ngakhale dontho. Ndiye ndinaika lamulo: galimoto izituluka Loweruka basi. Wa kuchigayo, wa feteleza, wa kuchipatala, onse ulendo umodzi. Ndinkadzitama nalo lamulo limeneli. Kumudzi anayamba kuitcha galimoto ya Loweruka, ine n'kumaseka nawo.

Tsiku lina Lachitatu mayi anandiimbira foni. Kunagwa maliro a mlamu wawo ku Nambuma, ndipo ankapempha kuti ndikawatule. Dzulo lake ndinali nditabwerako kumzere wa mafuta chimanjamanja, mutu ukundiwawa.

"Mayi, galimoto siyendera madzi a pachitsime," ndinawauza.

"Pepani aphunzitsi, sitinadziwe."

Anapita pa kabaza. Ine mawu ajawo ndinawaiwala sabata yomweyo. Sanandipemphenso galimoto pakati pa sabata, ndipo ndinkaona ngati lamulo langa lagwira bwino.

Chaka chatha, fodya ali m'zigafa, ndinachita mwayi. Lolemba ndinadzaza thanki mpaka kukhosi, koyamba m'miyezi ingapo. Ndinaimika galimoto kuseri kwa nyumba ya pasukulu n'kuifunditsa nsalu, kusungira Loweruka. Lachitatu madzulo ndinaimba foni kumudzi monga mwa masiku onse.

"Bambo ali bwanji?"

"Ali bwinoko," anatero mayi. "Akungodandaula m'chifuwamu. Loweruka mubwera, eti?"

"Ndibwera. Kodi zavuta kwambiri?"

Chapatali ndinamva mawu a bambo, otsika kusiyana ndi masiku onse. "Auzeni asawononge mafuta. Loweruka si kutali."

Ndinamva bwinobwino kuti mawuwo akutuluka movutikira. Ndinati chabwino, ndipo ndinabwerera ku makope amene ndinkachonga.

Bambo anamwalira Lachisanu m'mawa, ine ndili m'kalasi. Mchimwene wa mayi ndi amene anandiimbira. Ndinavundukula galimoto, inalira kamodzi kokha, ndipo ndinafika kumudzi dzuwa lisanakwere kwenikweni. Singano ya mafuta sinasunthe n'komwe. Ndikukumbuka kuti pamtsetse wa pafupi ndi dambo dzanja langa linachotsa giya lokha, mwa chizolowezi.

Masiku a maliro galimotoyo inagwira ntchito imene sinagwirepo. Inatuta nkhuni, ufa, mabenchi a kutchalitchi, azakhali ochokera ku Mpingu. Aliyense wofuna makiyi ndinkangomupatsa, osafunsa kumene akupita. Anthu ankalira, ine ndinkangoyang'ana. Misozi sinabwere, ndipo ndinalibe mphamvu yoifunafuna. Amayi ena anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima.

Anthu atabalalika, ndinalowa m'chipinda cha bambo kukathandiza mayi kulongedza. Kuseri kwa chitseko kunali jumbo. M'katimo munali malaya ositidwa, buku lawo la kuchipatala, ndi kalata. Mayi anandifotokozera kuti Lachiwiri anawatengera bambo pa njinga kuchipatala chaching'ono chapafupi, ndipo kumeneko anawalembera kalata yoti apite msanga kuchipatala chachikulu. Pa njinga yamoto sakanatha kukhala ulendo wonsewo.

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Tinkadikira Loweruka," anatero mayi. Sananene mokwiya. Anali akupinda bulangeti, ndipo anapitiriza kupinda.

Pambali pa jumboyo panali botolo la mafuta ophikira, lodzaza ndi petulo wofiirira, pakamwa pomangidwa ndi pulasitiki ndi mphira.

"Ili ndi la chiyani?"

"Bambo anu anagulitsa tambala Lachinayi, n'kutuma munthu pamsika. Amati mukabwera muthiremo, kuti ulendo wa kuchipatala usakudyereni mafuta anu."

Ndinanyamula botolo lija n'kukaliika m'galimoto kumbuyo.

Galimotoyo ndikadali nayo. Tsopano ndimapita kumudzi tsiku lililonse limene ndafuna, Lachiwiri, Lachinayi, ngakhale popanda chifukwa. Mayi amandilandira bwino, koma akafuna kupita kwinakwake amayambabe ndi kufunsa kuti, "Kodi Loweruka muli ndi ulendo?" Ndawauza kangapo kuti lamulo lija linatha. Amavomera, kenako amadikira Loweruka.

Mwezi watha ndinali pa Njewa kukonzetsa sayilensa, waya uja atadukanso. Makaniko potulutsa jeke anapeza botolo lija, petulo atatsika pang'ono chifukwa cha kutentha. Ananunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Mayi, ndinakuletsani uyu. Muli parafini umu. Nditaye?"

"Ayi, libwezereni pomwepo."

"Mudzathira?"

"Sindidzathira," ndinatero. "Si langa."