Tsache Lomwe Linasesa Njira ya Kwawo kwa Bambo

Bambo anga ankasonkha moto m'mabani a fodya pa pulazi ina, famu ya azungu, kufupi ndi Darwendale, chakumadzulo kwa Harare. Anachoka kwawo ku Tete akali mnyamata, wapansi, ndipo sanabwererekonso. Poyamba ankati apita fodya akatha, kenako kwawoko kunabuka nkhondo, makalata n'kusiya kuyenda. Imfa sankaiopa kwenikweni. Chomwe chinkawasowetsa mtendere n'kutchedwa mtchona, munthu woiwala kwawo. Ankati tsiku lomwe adzatsikire kulichete, uthenga wa maliro udzafike kwa mlongo wawo, anthu adzalire, adzamete, adzadziwe kuti sanawataye dala.

Ine ndinabadwira pa komboni pompo, mwana mmodzi yekha, mayi n'kumwalira ndili wamng'ono. Nditamaliza sukulu anandilemba ntchito mu ofesi ya pulaziyo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 pulazi inayamba kulima maluwa ogulitsa kunja, ndipo mwana wamkazi wa bwana anakonza masamba a pa intaneti oti ogula aziona maluwa omwe akhwima. Anandiphunzitsa miyezi ingapo, kenako anakwatiwa kutali, n'kundisiyira kompyuta ndi chibuku chonenepa.

Ntchitoyo inali yotopetsa. Tsamba lililonse ndinkalilemba pamanja mu edita, pulogalamu yolemberamo ija, kenako kutseka, kutsegula pulogalamu ina, kuyimba lamya kudzera pa modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ndi lamya, n'kutumiza mafayilo limodzilimodzi ku seva, kompyuta ya ku Harare yomwe inkasunga masambawo. Lamya ya kupulazi inkaduka mvula ikangowaza. Ine ndine munthu wosapirira, ndinatengera mayi, amatero anthu. Nditawerenga m'chibuku muja kuti editayo ungathe kuiwonjezera timalamulo tako, ndinaiwala nkhomaliro sabata yathunthu. Choyamba ndinalemba kakuti ndikadina batani limodzi, tsamba lisungidwe, lifufuzidwe ngati lili ndi zolakwika, n'kupita lokha ku Harare. Ndinakatcha Mtumiki. Kenako kena kolemba kokha mutu ndi mchira wa tsamba. Ntchito ya m'mawa wonse inayamba kutha tiyi asanazizire, ndipo ndinayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, bambo anatulutsa kachitini komwe ankasungamo kalata yomaliza ya mlongo wawo, ya kalekale. Chiswe chinali chitalowamo. Munatsala dothi ndi kangodya ka sitampa. Anandionetsa kachitiniko.

"Ababa, musadandaule," ndinatero. "Mawa mubwere ku ofesi. Mundiuze zonse, ndiike mu kompyuta. M'menemo chiswe sichilowa."

"Bokosi lako lija? Harikanganwi?" Ankafunsa ngati siliiwala. Akamakayika chinthu Chishona chinkawatulukira chokha.

"Siliiwala, ababa. Munthu ndiye amaiwala."

Anabwera nthawi ya nkhomaliro, atasamba m'manja kawiri, n'kuvula chipewa pakhomo ngakhale mu ofesi munalibe mzungu. Anakana mpando. Anaima kumbuyo kwanga akununkha utsi wa nkhuni, n'kuyamba kutchula njira yonse kuchokera pomwe basi imathera: mtsinje woti uwoloke, mudzi woti usagonemo, chigayo cha amishoni, dzina la mudzi wawo, dzina la mlongo wawo, la mwamuna wake, la malume awo, mfunda wawo, ndi munthu woyamba kumuuza, chifukwa uthenga wa maliro saufuula panjira. Ine ndinkangothamangitsa zala kuti aone luso la mwana wawo. Amene anatayipapo akudziwa: zala zimamva, mutu osamva kanthu. Titamaliza ndinaika fayiloyo mu foda ya masamba a maluwa, mwadala, kuti Mtumiki aitumizenso ku Harare.

"Tsopano zili pawiri, ababa. Ofesi ino itapsa, ku Harare zilipo."

Anagwira pamwamba pa kompyuta ndi chala chimodzi, ngati akuyesa kutentha kwa bani. "Zvakanaka, zili bwino, mwananga. Ndatula katundu."

Patapita miyezi, a ku Harare anadandaula kuti malo athu pa seva adzaza ndi zithunzi zakale za maluwa. Kufufuta chimodzichimodzi kunandikwana, choncho ndinalemba kowonjezera kena. Kankayendera masamba onse, n'kuona mafayilo omwe palibe tsamba likuwaloza, n'kuwachotsa, kuno ndi ku Harare komwe, kuti mbali ziwirizo zizifanana. Ndinakatcha Tsache. Poyamba kankatchula fayilo iliyonse n'kufunsa ngati ndatsimikiza. Tsiku loyamba lomwelo funsolo linanditopetsa, pakuti zithunzi zinalipo zambirimbiri. Ndinachotsa mzere wofunsawo, mzere umodzi wokha, n'kudina batani. Kanasesa mwaukhondo. Ndinaitana mayi wopanga tiyi kuti adzaone, iye osamvetsa n'komwe chomwe ndikusekerera. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Palibe tsamba la maluwa lomwe linkaloza ku mawu a bambo anga. Kwa Tsache, chimenecho chinali chinyalala.

Ndinazindikira patatha masabata atatu, pomwe ndinafuna kusindikiza fayiloyo papepala, chinthu chomwe ndikanachita tsiku loyamba lija. Ndinasakasaka paliponse. Ndinayesa njira zonse za m'chibuku zobwezera chofufutidwa, koma pamalo pake panali patakhala kale zithunzi zatsopano. Ndinayimbira a ku Harare, iwo anati zakale amasunga masiku ochepa chabe. Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa shedi ya maluwa.

Komatu apa m'pomwe pali mlandu wanga weniweni, ndipo sindiukankhira kwa Tsache. Bambo anali moyo, ali bwinobwino, akusonkha moto mtunda wosakwana mphindi zisanu kuchokera pa mpando wanga. Ndikanangopita n'kunena kuti ababa, bokosi lija laiwala, tiyambirenso. Akanandiseka, mwina sabata yonse, basi. Koma iwo anali atauza komboni yonse kuti mwana wawo anaika mudzi wawo m'makina, kuti ngakhale ku Harare ukudziwika. Manyazi anandiletsa kupita.

Lamlungu lililonse pobwera kutchalitchi ankafunsa, mongocheza, "Zija zilipo m'bokosi mwako?"

"Zilipo, ababa."

Ndinkadziuza kuti ndipeza kanzeru. Ndidzati ndikufuna kuonetsetsa ngati ndinalemba bwino, anenenso. Koma inali nyengo yowotcha fodya, bambo ankabwera kunyumba maso ali psuu, n'kugona osamaliza sadza, nsima ya kuno. Ndinati fodya akatha. Mawu omwewo amene anawasunga iwo zaka zonsezo kutali ndi kwawo ndinawatola ine osazindikira. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Anagwa masana ena pakhomo pa bani, chikuni chili m'manja. Mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panapotoka, mawu osatulukanso. Kuchipatala ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse, mochedwa. Ndinawapempha atchule dzina la mudzi lokha. Anandiyang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyesayesa, kutuluka mpweya wokha. Mpaka lero sindidziwa ngati anamva. Masiku ena ndimapemphera kuti anamva n'kundikhululukira, masiku ena ndimapemphera kuti sanamve. Anamwalira tsiku lachitatu.

Tinawaika kumanda a komboni, kuseri kwa mabulugamu. Anthu a bungwe lathu la maliro anachita zonse mwadongosolo, monga amachitira anthu okhala kwa eni. Anali atapeza kale wonyamula uthenga, bambo wina wa ku Selous amene ankadziwa njira ya ku Tete. Anabwera ndi kachikwama kake, atavala jekete, wokonzeka kukwera basi m'mawa mwake. Titabwera kumanda tinakhala pabwalo, ndipo mkulu wa bungwelo, nkhalamba yomwe inagwira ntchito ndi bambo zaka zambiri, anatembenukira kwa ine.

"Mwana wathu, malemu anatiuza kuti njira anakusungitsa iwe. Tipatse pepalalo, mlendoyu apite."

Ndinanena zoona pamaso pa anthu onse. Sindinatchule za edita kapena seva, zikanathandiza chiyani. Ndinati ndinazifufuta ndi manja anga, ndipo ndinawanamiza bambo miyezi iwiri.

Palibe anandikalipira, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anayamba kufunsana. Wina anakumbuka kuti malemu ankatchula mtsinje, koma mitsinje ku Tete ndi yambiri. Telala wa pa komboni, Msilamu wa ku Malawi yemwe ankacheza nawo madzulo, anati ankamva za chigayo cha amishoni. Ine ndinakumbuka chigayo chomwecho, ndi zoti pali mudzi wosayenera kugonamo. Anzawo omwe anabwera nawo wapansi onse anali kale kuseri kwa mabulugamu. Wonyamula uthenga uja anamvetsera zonse, kenako anavula jekete n'kulipinda bwinobwino pamwamba pa kachikwama kake.

Mkulu wa bungwe uja ndiye anatseka nkhani. "Basi," anatero. "Ndiye kuti kwawo sanamwalire."

Ndinapitiriza ntchito ija mpaka pulazi inasintha manja, ndipo ndi ntchito yomwe yandidyetsa moyo wanga wonse. Mzere wofunsa uja ndinaubwezera m'mawa wotsatira maliro, zinanditengera mphindi imodzi. Ku Tete ndinapitako kawiri ndili wamkulu, ndikufunsa za chigayo cha amishoni, anthu n'kumandiloza uku ndi uku mwachifundo, osapeza kanthu.

Kwinakwake kutsidya kwa mtsinje womwe sindiudziwa dzina kuli mudzi womwe sunamete. Ngati mlongo wawo anatsala ndi moyo nkhondo itatha, anadikira mpaka kutopa. Ana ake akafunsa za malume awo, ndikudziwa chomwe amayankhidwa: anapita kukagwira ntchito kwa azungu, anatchona, sanatikumbukenso.